Liwu Lachisanu pa Bolodi

Lusizi Longwe anayamba kuseka ndi dzanja pakamwa ali Sitandade 3, ndipo dzanjalo linakhala pamenepo zaka pafupifupi makumi awiri. Mano ake awiri akutsogolo anamera mothamanga, n'kusiya anzawo m'mbuyo, moti milomo inkalephera kuwafunditsa. Anthu a ku Kande anawazolowera kalekale, koma mwini wake sanawazolowere. Pa zithunzi zonse za kwaya ya ku tchalitchi, mtsikana wotseka pakamwa mwamphamvu ngati wabisamo ndalama yachitsulo anali iyeyo.

Amene anachotsa dzanjalo ndi Ephraim Chikafa, mphunzitsi wa Chingerezi wochokera ku Dedza, amene boma linamutumiza ku sekondale ya masana ya m'deralo. Tsiku lina anabwera pakhonde pomwe Lusizi ankasokera, atanyamula thalauza lalitali moti likanakwanira anthu awiri. Anafotokoza mmene mlongo wake analigulira pa kaunjika poganiza kuti nsomba za kunyanja zimatalikitsa munthu. Manja onse a Lusizi anali pansalu, singano ikuthamanga, ndiye anaseka pakamwa pali poyera. Ephraim sanayang'ane kumbali, komanso sanatong'ole maso. Anangoseka naye. Kuyambira pamenepo dzanja lija linayamba kuiwala ntchito yake.

Tsopano panali patatha chaka ndi miyezi inayi, ndipo Loweruka la sabata imeneyo malume ake a Ephraim amayenera kufika kuchokera ku Dedza kudzaonekera kwa a Yakobe Longwe, bambo ake a Lusizi. Kuti zifike pamenepo sizinali zamasewera. A Yakobe ankati mphunzitsi ndi mame, boma likangomusamutsa wakamuka. Mtima wawo unali pa Steve Manda, mwana wa mkulu wa mpingo mnzawo, amene ankagwira ntchito ku Joni ndipo anali atabwera kutchuthi. Amene anawafewetsa ndi mlongo wawo, a Margaret, azakhali ake a Lusizi, omwe iye ankawaitana Ankhazi monga amachitira anthu a kumeneko. Anatha miyezi itatu akuwanyengerera, mpaka a Yakobe anati, "Abwere tiwaone."

* * *

Lolemba masana, atsikana atatu a Fomu 2 anadutsa pakhonde paja. Anapereka moni mwaulemu wonse, koma atangopitirira pang'ono wina ananong'ona liwu lachilendo, ndipo onse anaphulika kuseka n'kuthawa. Lusizi anangomva chinthu chonga "purotu". Sanasamale, ana a sukulu amaseka ngakhale mbuzi ikayetsemula.

Posakhalitsa foni inalira. Unali uthenga wa Steve pa WhatsApp.

"Lusi, sorry kwambiri. Sindimafuna kukuonetsa koma ndaona kuti better umve kwa ine. Mwana wa achemwali anga wajambula izi m'kalasi mwa aphunzitsi ako aja."

Pansi pake panali chithunzi cha bolodi. Zolembazo anazidziwa msanga, zopendekera kumanja ngati udzu wa m'mbali mwa msewu. Anali mawu asanu a Chingerezi, lililonse ndi chiganizo chake: jut, bulge, overhang, promontory, protrude. Lusizi analekeza sukulu Fomu 2, ndipo mawu asanuwo sanawadziwe ngakhale limodzi. Koma chiganizo chomaliza sichinafune munthu wa digiri.

She has protruding teeth.

"She" ankamudziwa. "Teeth" ankawadziwa bwino lomwe. Liwu lapakatilo analilemba pa foni kuti aone tanthauzo, ndipo foni, yopanda chifundo ngati mmene zilili zinthu zopanda nkhope, inamubweretsera zithunzi za kukamwa kwa anthu osawadziwa. Anazima foni. Mayi wina amene anabwera kudzatenga diresi anamupeza atakhala duu, makina ataima, dzanja lili pakamwa.

* * *

M'mawa mwake sanatsegule ntchito. Anapita kwa azakhali ake, n'kuwapeza akuyanika chinangwa chovuulidwa pa thandala.

"Mwayuka uli, Ankhazi?"

"Tayuka, mwana wangu. Maso amenewo bwanji? Walira ndani?"

Lusizi anawaonetsa chithunzi n'kuwamasulira. A Margaret anapukuta manja pa chitenje, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Analemba yekha, ndi dzanja lake?"

"Ndi dzanja lake, pamaso pa ana makumi asanu ndi limodzi. Kande yense akudziwa kuti ndine wake, Ankhazi. Ngakhale agalu a pa msika akudziwa. Nanga ana akanaganiza za ndani?"

"Wamufunsa?"

"Ndimufunse chiyani? Bolodi layankha kale."

Ephraim anali atamuimbira kasanu ndi kawiri usiku wathawo, ndipo Lusizi sanayankhe ngakhale kamodzi. Chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali kuseka kwa ana. Ana anamuseka kuyambira kale, khungu linalimba. Chinali chakuti kwa munthu ameneyu yekha ndiye anatsitsa dzanja, n'kumuonetsa chimene ankabisira dziko lonse.

"Ankhazi, mukawauze ada kuti anthu a ku Dedza asabwere."

A Margaret anamuyang'ana nthawi yaitali. "Lusizi, mawu opatsa ankhazi si nsalu yoti uyeza, ikakukanika n'kubweza. Ndikangowatula kwa abambo ako, si akonso. Gona nawo kaye."

"Ndagona nawo kale. Sanandigonetse."

"Ndikufunsenso. Ndipite?"

"Pitani."

A Margaret anapumira m'mwamba. Kenaka ananena chinthu chimene Lusizi sanachiganizire. "Mano amenewo si ako wekha, ukudziwa? Ndi a agogo ako, amayi athu. Iwe sunawaone, anamwalira uli m'mimba. Abambo ako ukamaseka amatuluka panja, iwe n'kumayesa kuti akunyansidwa. Amakhala akuona amayi awo. Nkhani iyi akaimva, sindikudziwa ngati ndidzathenso kuwabweza."

Lusizi anamva, koma mkwiyo uli ndi makutu ang'onoang'ono. Ali pomwepo analembera Ephraim mzere umodzi: "Auzeni malume anu asavutike ndi ulendo."

* * *

Lachitatu Steve anafika pakhonde atavala jekete lachikopa, dzuwa likuswa mtengo. Kunena chilungamo, Steve sanali munthu woipa. Iye ndi Lusizi anakulira limodzi, ankasambira limodzi ali ana, ndipo kamodzi anamenyapo mnyamata wina chifukwa chomutcha Lusizi dzina lachipongwe. Vuto lake linali lakuti chilichonse chimene wachikonda ankafuna kuchikonza kaye.

"Anthu a kumwera ndi choncho," anatero atakhala pa benchi. "Amakusekerera pamaso, kuseri akukujambula pa bolodi. Ine sindingachite zimenezo, Lusi. Ine vutoli ndingalithetse."

"Vuto liti?"

Steve analoza pakamwa pake pomwe, mwaulemu. "Ku Joni kuli madokotala a mano. Amaika timawaya, braces. Mkazi wa bwana wanga anali worse kuposa iwe, sure. Chaka ndi theka basi, lero ukamuona ungati ndi wa pa TV. Ndinafunsa kale zonse."

"Unafunsa liti?"

"Chaka chatha. Ndinawaonetsa chithunzi chako."

Lusizi sanadziwe kuti athokoze kapena alire. Kangati analota atadzuka mano atalowa m'kati? Ndipo apa panali munthu amene anayenda ndi chithunzi chake mpaka ku Joni, n'kukachiika pa tebulo la dokotala. Chinali chikondi ndithu, cha mtundu wake. Komabe nthawi yonse imene Steve ankalankhula, maso ake anali pakamwa pa Lusizi, ngati mmisiri amene akuyeza mng'alu wa khoma.

"Ndibwerera Lolemba," anatero Steve poimirira. "Sindikufuna kupita nkhani ili m'malere. Uganize bwino."

"Yewu, Steve. Ndamva."

Atachoka, Lusizi anatsegula mauthenga a Ephraim amene anaunjikana. Ambiri anali a "chonde yankha". Womaliza unali wosiyana.

"Sindikupempha kuti undikhululukire pa foni. Ndilole ndikuuze pamaso mmene zinakhalira, kenaka uchite chimene ukufuna. Lachisanu timaweruka msanga. Ndidzakhala pa miyala paja kuyambira 12 koloko."

Sanayankhe tsiku limenelo, ngakhale Lachinayi. Koma ankangobwerera ku chithunzi cha bolodi, n'kumawerenga ziganizo zinayi zoyambirira pang'onopang'ono, ndipo anaona kanthu kamene mkwiyo unamubisira poyamba. M'ziganizo zinayizo munali bwato, munali thumba la chinangwa, munali khonde la telala, munali Kande. Chachisanu chokha ndicho chinalibe kwawo.

* * *

Pa miyala paja ndi kamtunda kamiyala kolowa m'nyanja, kumpoto kwa gombe la asodzi. Lusizi anafika 1 koloko itadutsa, dala. Anamupeza Ephraim atakhala pamthunzi wa thanthwe, malaya atanyowa ndi thukuta, choko chikadali m'zikhadabo. Anaimirira msangamsanga.

"Khalani pansi, aphunzitsi," anatero Lusizi. "Lero wofunsa mafunso ndine."

Anakhala motalikirana. Lusizi anatulutsa foni n'kutsegula chithunzi chija.

"Mundiphunzitse monga munaphunzitsira ana aja. Liwu loyambali ndi chiyani?"

Ephraim anayang'ana chithunzicho. "Jut. Limanena chinthu cholimba chimene chatulukira kunja mosongoka. Monga thanthwe ili tabisalamoli."

"Lachiwiri?"

"Bulge. Ndi kutukumuka, chinthu chikadzaza m'kati mpaka kukankha khungu lake. Thumba la chinangwa, kapena thumba la thalauza muli mango."

"Kapena mimba ya a hedimasitala anu."

Ephraim anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya Lusizi anadziletsa. "Lachitatu ndi overhang. Chinthu chotulukira pamwamba pa chinzake n'kuchiphimba. Ndinalemba za denga la khonde lako."

"Ndinaona. Lachinayi, lalitalili?"

"Promontory. Ndi pano pomwe takhalapa. Mtunda umene wakana kulekeza pomwe gombe lonse lalekezera, n'kulowa m'madzi."

"Anayiwa munawatenga kuti?"

"Ndinawapezera ziganizo poyendayenda m'Kande muno Lamulungu. Ndimafuna zitsanzo zimene ana amaziona tsiku ndi tsiku, chifukwa mawu amenewa amawasokoneza pa mayeso."

"Nanga lachisanu?"

"Lachisanu ndinalibe chitsanzo. Belu linali pafupi kulira, ndiye ndinatsegula dikishonale n'kukopera chiganizo chimene chinali mmenemo."

"Polemba simunandikumbukire?"

"Ayi, Lusizi. Ndikulumbira. Ine mano ako sindiwaona n'komwe. Kwa ine ulibe chilema chilichonse."

Lusizi anaimirira n'kukung'untha chitenje. Mawu amenewa, omwe Ephraim ankayesa kuti ndi mankhwala, anamulasa kuposa bolodi.

"Ndabwera kudzamva zoona, mukundipatsa shuga. Simuwaona? Ine ndimawaona m'mawa uliwonse. Ndimawaona pa supuni, pa zenera la minibasi, m'maso mwa mwana aliyense wondiona koyamba. Steve akandiyang'ana amaona mano okhaokha. Inu mukuti simuwaona. Ndiye mwa awirinu ndani amaona ine? Ngati chaka chonsechi mwakhala mukukonda mkazi wa mano abwino, mkazi ameneyo si ine. Kamufuneni ku Dedza."

Anatembenuka kuti azipita.

"Ndanama," anatero Ephraim.

Lusizi anaima, koma sanacheuke.

"Ndanama kawiri. Tsiku lija la thalauza, mano ako ndinawaona ndisanaone maso ako. Madzulo ake ndinaimbira mlongo wanga, ndinati ndapeza telala wa mano otuluka amene akaseka iwe umaiwala chimene wabwerera. Ndimawaona ukamadula ulusi. Ndimawaona ukakwiya, mlomo ukamayesetsa kuwaphimba n'kulephera, ngati panopa. Ndikakhala ndekha n'kufuna kukumbuka nkhope yako, ndimayambira pamenepo."

"Bodza lachiwiri?"

Ephraim anayang'ana zala zake zachoko. "Pokopera sindinakuganizire, zimenezo n'zoona. Koma nditangoika kadontho komaliza, ndinamva mtsikana wina akuseka kumbuyo, ndipo pomwepo ndinadziwa. Chofufutira chinali m'dzanja langa lamanzere. Ndinaganiza kuti ndikafufuta, ana aona kuti aphunzitsi agwidwa, andiseka ine. Ndiye ndinaumitsa nkhope ngati sindikudziwa kanthu, n'kuwauza kuti akopere."

"Anakopera onse?"

"Onse."

Lusizi anatembenuka tsopano. "Ndiye munali ndi manyazi m'manja, n'kusankha kuti akhale anga, osati anu."

"Inde."

"Ndipo ali m'makope makumi asanu ndi limodzi."

"Inde."

Chodabwitsa n'chakuti "inde" ameneyu, wouma ngati usipa wa chaka chatha, ndiye anamasula chinthu m'chifuwa mwa Lusizi. Sabata yonse ankaopa kuti anakonda munthu wankhanza. Tsopano anaona kuti anakonda munthu wamantha pang'ono, amene wakwanitsa kutchula mantha ake ndi dzina. Wankhanza sakanatha kukhala naye. Wamantha wovomera, mwina. Anabwerera n'kukhala pa mwala, pafupiko kusiyana ndi poyamba.

Kwa kanthawi anangoyang'ana asodzi awiri akusoka ukonde wa chilimira pamchenga.

"Liwu lachisanulo," anatero Lusizi, "ndi lotukwana?"

"Ayi. Protrude silitukwana, silitamanso. Limangonena kuti chinthu chapitirira mzere umene zinzake zalekezera. Msomali pa thabwa, muzu panjira, lilime la mwana wamwano. Kuipa kapena kukoma kwake amaikapo ndi anthu."

"Ndiye n'chimodzimodzi ndi lalitali lija, la mtunda."

"N'zapachibale. Ndipotu asodzi anandiuza kuti akamachokera kutali, gombe lonse limaoneka lofanana, mzere umodzi. Amayang'ana miyala ino kuti adziwe kwawo. Chimene chatulukira ndicho..."

"Basi, basi, a Chikafa," anamudula Lusizi. "Lolemba munandisandutsa chitsanzo, lero mukufuna mundisandutse thanthwe? Mawa mudzati ndine thumba la chinangwa."

"Limenelo ndi bulge, silikukhudza."

Kuseka kunamutulukira Lusizi asanakonzeke, kwamphamvu, mpaka asodzi aja anadzutsa mitu. Atamaliza anazindikira kuti manja ake onse awiri anali pa mwala.

"Lolemba ndikaima pamaso pa kalasi," anatero Ephraim. "Ndikawauza chimene ndinachita, ndi kuti telala amene akumuseka ndi amene ndikufuna kumukwatira."

"Ana asiyeni, aiwala ikangobwera nkhani ina. Amene mukaime pamaso pawo ndi ada. Ndipo musayese kuti ndakukhululukirani. Ndidzakukhululukirani pang'onopang'ono, monga momwe mumandibwezera mahang'ala anga opachikira zovala." Kenaka anawonjezera kuti, "Aimbireni malume anu. Auzeni kuti abwere ndithu."

Ephraim anakanda kumutu. "Pamenepo pali bodza lachitatu, laling'ono. Sindinawauze kuti asabwere. Ndinalephera. Anyamuka m'mawa uno, andiimbira ali pa Nkhotakota."

"Ephraim!"

"Ndimati mwina Mulungu andichitira chifundo."

Lusizi anafuna kumukalipira, koma mtima unali utagunda kale ndi chinthu china. Mawu aja anawapereka Lachiwiri, ndipo lero linali Lachisanu. Sabata yonse bambo ake sananene kanthu, ankangodya n'kukagona, ndipo iye ankayesa kuti mwina azakhali akudikira kuti mtima wake uzizire.

"Ndikuthamangira kwa Ankhazi," anatero akuvala patapata. "Mukadikire malume anu pa siteji ya mabasi. Ndikuimbirani."

* * *

Kwa azakhali ake anapeza chitseko chotseka, chinangwa chili pa thandala popanda wochiyang'anira. Anadutsa njira ya m'munda kulowera kwawo, ndipo ali patali anaona mipando ya pabalaza itatulutsidwa pansi pa mtengo wa mango. Mipando imeneyo inkatuluka pa maliro ndi pa alendo olemekezeka basi.

A Margaret anamuchingamira kuseri kwa khitchini, atavala chitenje chatsopano.

"Unali kuti? Takufunafuna."

"Ankhazi, ndasintha maganizo. Ndalankhula naye. Musawauze ada."

A Margaret anatseka maso. "Mwana iwe. Ndinawauza Lachiwiri lomwelo, monga unanditumira. Lachitatu ku mapemphero abambo ako anauza a Manda, bambo ake a Steve, kuti njira yatseguka. Steve akubwerera Lolemba, ndiye sanafune kuchedwa. Amene akhala apowo ndi a Peter Mhone, thenga wa kwa a Manda."

"Osandifunsa ine?"

"Ndinakufunsa kawiri. Madzi akatayika sawoleka. Pukuta nkhope, akukuitana."

Lusizi anapita pansi pa mtengo paja. Anagwada m'mphepete mwa mphasa, n'kupereka moni kwa alendo mmodzimmodzi. Pakati pa mphasa panali mbale yoyera yovundikira ndi inzake. Aliyense wokulira kumeneko amadziwa ntchito ya mbale yotero. Mtsikana akaitola n'kupatsa ankhazi ake, wavomera. Akaisiya, alendo amabwerera nayo.

A Peter Mhone, amene anatumidwa kudzalankhulira banja la a Manda, anayamba ndi mawu ozungulira monga mwa mwambo, kenaka anafika pa nsonga. "Mama, Steve mwana wa a Manda mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa, ada."

"Ndiye katundu wake ndi uyo."

A Yakobe anali atakhala chowongoka, manja pa mawondo. Anali munthu wosachulutsa mawu, amene anatha moyo wake akupalasa bwato ndi kutsogolera nyimbo m'tchalitchi. "Tola, mwana wangu," anatero mofatsa. "Awa ndi anthu otidziwa."

Lusizi anamva dzanja lake lamanja likunyamuka pa ntchafu. Silinkapita ku mbale. Linkapita kumene linazolowera kupita nthawi zonse anthu akamuyang'ana. Analigwira ndi linzake n'kulibweza pansi, ndipo anadzutsa nkhope kuti onse amuone bwino.

"Pepani, ada. Pepani, alendo. Steve ali ngati mlongo wanga, takula limodzi, ndipo sanandilakwire. Koma mbale iyi sinditola."

A Peter Mhone anayang'ana a Yakobe, a Yakobe anayang'ana a Margaret, a Margaret anayang'ana pansi.

"Lachiwiri unatuma ankhazi ako kuti chiyani?" anafunsa a Yakobe.

"Ndinalankhula ndi mkwiyo, ada. Mphunzitsi uja ndaonana naye. Wavomera kulakwa kwake, ndipo akufuna kudzapepesa kwa inu."

"Kupepesa." A Yakobe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Amayi anga anandibereka pa gombe ili. Anandilera okha, atate anga atamira. Palibe munthu m'Kande muno, ngakhale woledzera, amene anawasekapo pakamwa. Lero mlendo wabwera ndi choko, walemba nkhope ya amayi anga pa bolodi kuti adzukulu a anzanga aziseka m'Chizungu. Iwe ukhoza kukhululuka, ndiwe mwana, ndipo mtima wako uli kumeneko. Ine sindinafike pamenepo."

"Ada, sanadziwe za agogo."

"Ankadziwa za iwe, zimenezo zinali zokwanira."

Lusizi anadziwa kuti mawu amenewo anali oona, ndipo iye mwini anali atanena ofanana nawo pa miyala paja.

A Yakobe anatembenukira kwa alendo n'kupepesa mwaulemu wonse. A Peter Mhone anaweramira mbale yawo, n'kuikulunga m'kansalu mosafulumira, nkhope itagwa. Kenaka a Yakobe anayang'ananso mwana wawo, ndipo m'maso mwawo munali misozi imene Lusizi anali asanaionepo.

"Mbale iyi waikana, ndi ufulu wako, sindikukakamiza. Koma undimvetse bwino pamaso pa mboni izi. Mbale ya mphunzitsi ndinaikana potsata mawu a pakamwa pako pomwe, ndipo sidzatera pa mphasa ino ine ndili moyo."

Anaimirira n'kulowa m'nyumba. Alendo anatsanzika mwachidule, a Margaret n'kuwaperekeza mpaka kumsewu. Lusizi anatsala yekha atagwada, mipando inayi yopanda anthu itamuzungulira.

M'chiuno mwake, momwe anakulungira foni m'chitenje, munanjenjemera. Anaitulutsa. Unali uthenga wa Ephraim.

"Malume adutsa pa Tukombo, ndi mphindi zochepa afika. Avala suti, akuti abwera ndi nkhuku ndi mtima woyera. Ndiwauze kuti mawa tifike nthawi yanji?"